Akakowa a pa Kabati ya a Nagumo

A Nagumo Ihei akhala akukonza makabati akale kuno ku Kamo kwa zaka makumi asanu. Mukawafunsa akuuzani kuti m'tauni yonse ino mmisiri ndi iwo okha, enafe timangozunza matabwa. Shopu yanga inayang'anizana ndi yawo, choncho nzeru zawozo ndazimva mpaka makutu kuwawa.

Kabati ya mtengo wa kiri ikada ndi ukalamba, iwo amaipala pamwamba pang'ono, n'kuyeranso ngati yadzulodzulo. Kwathu kuno mkwatibwi sapita kwa apongozi ndi kabati yakuda, angamuseke.

M'nyumba mwawo munali kabati ya malemu akazi awo, a Tomie, yomwe anasiyiridwa ndi agogo awo. Pazitseko zake panasemedwa akakowa asanu ndi awiri ali m'bango, nthenga iliyonse ikuoneka payokha. Inkadikira ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Shizue.

Tsiku lina Shizue anabwera ndi mnyamata wa ku positi kudzamwa tiyi. A Nagumo anangoganiza kuti ukwati wafika. M'mawa mwake anaipala kabati ija, ndi mbalame zomwe, ati nazonso ziyere. Mnyamatayo anasamutsidwira ku Sendai, osamvekanso. Kunabwera mphunzitsi, anaipalanso. Wina anangomuperekeza mwanayo ndi ambulera tsiku la mvula, kabati n'kulangidwanso.

"A Nagumo, mbalamezo zikutha nthenga," ndinawauza.

"Iwe Kanbe, mtengo unayamba kuudziwa liti? Pita ukakhome timabokosi tako ta maapozi."

Ndinapitadi kukakhoma timabokosi tanga.

Chaka chatha Shizue, imvi zitayamba kale, anabwera ndi bambo wina wadazi woyendetsa sitima, n'kunena kuti akukwatiwa. Ulendo uno zinali zenizeni. Mkuluyo anaipala sabata yathunthu, kenaka n'kutiitana aneba kuti tidzaone mmene ntchito imagwiridwira. Kunena zoona madilowa anali bwino, ukakankha imodzi inzake imatuluka yokha ndi mpweya. Kabati inali mbee.

Shizue anagwada n'kusisita chitseko. Chinali see ngati thabwa lodulirapo nsomba.

"Ababa, akakowa a amayi ali kuti?"

"Taona kuyerako, mwanawe. Apongozi ako sakakuseka."

"Apongozi anga anamwalira kalekale, ababa. Amayi akudwala paja ankandigwira chala n'kumachiyendetsa pa mbalamezi, imodzi imodzi. Ine pakabati yonseyi ndimafuna zomwezo basi."

Ndinali nditawasungira mawu mkuluyu kwa zaka makumi awiri, okuthwa bwino. Koma ndinangowamvera chisoni, chinthu chomwe sindinkayembekeza.

A Nagumo anawerama pang'onopang'ono, maondo akulira, n'kuyamba kufukula ndi zala mulu wa tizipalo ta mtengo tomwe anali asanasese.