Malata Anga Ndinachoka Nawo

Ndinali padenga, hamala m'manja, ndikuzula misomali. Nyumba ndinamanga ndekha, koma malo ndi a kuchikazi. Ine ndine mkamwini. Pansi panaima alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, eni mbumba. Ndi iwo anandiwonongera mwana. Koma ndiyambe ndi kulakwa kwanga.

Fatsani, mwana wanga woyamba, anasankhidwa kupita ku yunivesite. M'mudzi mwathu palibe anafikako. Tsiku lomwelo alamu anamupatsa dzina loti Dokotala. Kutchalitchi anamuimika kutsogolo. Pamaliro ankamukhazika pampando, akuluakulu ali pansi. Amayi ena ankabwera ndi ana odwala kuti awaone, iye asanamalize ngakhale chaka choyamba.

Chaka chachiwiri Fatsani anandiimbira foni ndili m'munda wa tiyi. Anati, "Ababa, mutu sukugwira. Sindikugona. Ndikawerenga sizikulowa." Ndinamuyankha kuti ine ndimathyola tiyi mvula ikundimenya, iye akutopa ndi kukhala pampando? Ndinadula foni. Sanaimbenso. Inu owerenga, apo m'pamene ndinalakwa.

Analephera mayeso. Anabwereza, analepheranso. Anamuchotsa sukulu. Anabwera ndi chikwama chokha, ataonda. Alamu anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mapeyala. Anamulamula kuti awerenge yekha kalata yomuchotsayo mokweza, kenako aimasulire m'Chichewa kuti aliyense amve. Anawerenga. Alamu anati, "Dokotala wathu uyu, ngakhale nkhuku sangaibaye jakisoni." Anthu anaseka. Ine ndinakhala chete, poti mkamwini salankhula pa bwalo la eni ake. Ndinalakwa kachiwiri.

Kuyambira tsikulo mwana anasiya kulankhula. Anasiya kusamba. Chakudya ankangochiyang'ana. Tsiku lina anasowa. Tinakamupeza pa msika wa Chinakanaka, wopanda nsapato, atakhala m'mbali mwa msewu. Poyamba sanatizindikire. Kuchipatala anati ndi matenda a nkhawa, ndipo anayamba kale, nthawi ya foni ija. Akumwa mankhwala, amapitanso kukacheza ndi aphungu. Tsopano ndikamufunsa amayankha. Koma akamva mawu a amalume ake, amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndiye ndinapeza kamalo kwina. Mkazi wanga anavomera. Ndinalumbira kuti alamu sadzadya thukuta langa. Nanazi ndinazula. Nthochi ndinadula. Nyumbayi ankayembekeza kuti tikachoka aikamo mwana wawo. Amuikemo, mvula ya kuphiri imupeze momwemo. Alamuwo akadzamwalira, manda akakumbe ena.

Inu owerenga, mwana akati mutu sukugwira, musadule foni. Musamupatse dzina la ntchito asanaigwire, limamulemera. Ndipo wina akamamunyoza pagulu, imirirani, kaya ndinu mkamwini. Ine ndinakhala pansi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Lata lomaliza litatsika, ndinasanja onse panjinga. Alamu anayandikira, chipewa atachivula.

"Alamu, zija zinali zocheza chabe. Tiyeni tikhale pansi, tikambirane ngati akuluakulu."

Ndinakoka chingwe, ndinamanga mfundo. Ndinakankha njinga kulowera kumsewu, Fatsani ali patsogolo.