Kangolo Kokana Kupita ku Chigayo

Kompyuta itafika ku ofesi kwathu ku Lilongwe, ndinayamba kuyenda ngati munthu wokwezedwa pantchito, chonsecho panalibe anandikweza. Ndinali wojambula mapulani m'boma, wa pensulo ndi rula, ndipo atangotiphunzitsa kujambula pa makinawo ndinadziona kuti ndafikapo. Munali m'zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene pepala lochokera ku likulu silinkafunsidwa mafunso.

Koma kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Kamwendo, ndinali mkamwini basi. Kwa zaka zitatu iye ndi mwana wathu ankakhala komweko, ine n'kumangowaonera kumapeto kwa sabata. Ndinkafuna chitengwa, kuti ndiwatenge tikakhale limodzi m'tauni. Woyenera kulola anali malume ake, mwini mbumba, mkulu wowotcherera zitsulo pa Kamwendo pomwepo. Ankhoswe anga akaiyamba nkhaniyo, iwo ankangoti tiona. "Tiona" ameneyo anandifika pakhosi.

Mwayi unabwera ndi mwini chigayo. Anapempha malumewo kuti amupangire kangolo kachitsulo kokankha, konyamulira matumba, ndipo anabweretsa timatayala tinayi timene anagula ku Chipata. Tiwiri tinali tongoyenda molunjika. Tiwiri tinato tinali ndi makosi otembenuka mbali iliyonse, kuti ngolo izitha kukhota. Ine ndinalumphira nkhaniyo, ndikuti pulani ndikajambula ndine, pa kompyuta.

Sabata yonse sindinadye nkhomaliro. Ndinajambula bokosi la ngoloyo, chogwirira, ndi timbale tachitsulo ta m'makona, kalikonse ndi mabowo ake anayi a mabawuti. Chimene chinkandisangalatsa n'chakuti tayala umajambula limodzi lokha, kenako n'kuwauza makina kuti abereke linzake. Matayala olunjika ndinawaika kumbuyo, otembenuka kutsogolo. Ndiye pofuna kuonetsa kuti akutsogolowo amatembenuka, ndinawajambula atapendekera kumanzere, monga anatiphunzitsira, n'kuikapo kamuvi kokhota ndi liwu limodzi la Chingerezi pambali pake.

Nditawapititsira pulaniyo, malume anayamba apukuta manja, ndipo pepalalo analilandira ndi manja awiri. Anafunsa ngati mizere yonseyo inalembedwadi ndi makina, n'kulikhomera pakhoma pamene aliyense wodzawotcheretsa njinga angalione. Za matayala sanafunse kanthu. Inenso sindinafotokoze kanthu, chifukwa mkamwini sayamba kuphunzitsa apongozi ntchito imene anaiyamba iye asanabadwe.

Ndinabwereranso pa tsiku la msika. Kangolo kanali panja, kopakidwa penti wobiriwira, kokongola zedi. Ndinawerama kuti ndione kunsi. Makosi a matayala akutsogolo anali atawotchereredwa, kuwotcherera kwake kwaukhondo, osagwedera n'komwe. Onse awiri anapendekera kumanzere, ndendende ngati pa pepala. Malume anandifotokozera monyadira kuti matayala a ku Zambiawo anabwera ogwedera makosi, ndiye iwo awalimbitsa, atayeza kupendekera kwake ndi kawaya kuchokera pa pulani yanga.

Apa n'kuti mwini chigayo atakweza kale matumba awiri. Analozetsa ngolo ku chigayo n'kukankha. Ngolo inanyamuka bwinobwino, n'kukhotera kumanzere, n'kuzungulira bwalo lonse, n'kudzaima pamapazi pathu pomwe inachokera. Bamboyo anadzilavulira m'manja, n'kukankha mwamphamvu. Inabwereranso pomwepo, kungoti ulendo uno mofulumirirapo.

Anthu anasiya malonda. Amayi ogulitsa tomato ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ngakhale anyamata achipani amene ankafunsa makadi pakhomo la msika anasiya ntchito yawo kudzaonerera. Wina anati ngoloyo yakana chigayo, ikukonda kwawo. Wina anati aitembenuze, azikankha chobwerera, mwina ikafika ku Chipata kumene kunachokera matayala ake.

Malume okha ndiwo sankaseka. Anayang'ana ngolo, n'kuyang'ana pepala pakhoma, kenako n'kuyang'ana ine.

"Akamwini, tandiuzani pano pali anthu. Cholakwa chili pa pepalali, kapena pa manja angawa?"

Ine ndine wapsa mtima msanga, ndipo yankho linali kale pa lilime: kamuvi kali apo, liwu lili apo, anakuuzani ndani kuti muwotcherere? Koma ndinaona mmene mkuluyo anatambasulira manja akewo, a zipsera zokhazokha, pamaso pa anthu amene ankamubweretsera makasu ndi njinga zawo kwa zaka zonsezo.

"Chili pa pepala, apongozi. Ndinajambula mokhota ndine."

Kuseka konse kunasamukira kwa ine. Tsiku lisanathe ndinali nditapatsidwa dzina, a Kompyuta, ndipo aliyense wodutsa ankandifunsa ngati misewu ya ku Lilongwe nayonso imayenda mozungulira. Zinandiwawa, ndisaname. Pobwerera kumudzi ndinkayenda patsogolo nditatupa, mkazi wanga akubisa kuseka m'chitenje kumbuyo kwanga. Ndinamukalipira kuti aseke bwino, popeza za m'tauni aiwale. Ndani angapereke mwana wa mlongo wake kwa munthu wolephera kujambula tayala?

Lamulungu la sabata yotsatira, titatuluka m'tchalitchi, malume anandiitanitsa ku shedi kwawo. Ndinapeza ngolo itagonekedwa chagada. Anali atapala ndi tupa zonse zimene anawotcherera pa makosi, ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo matayala ankatembenuka, ngakhale limodzi linkalira pang'ono chifukwa moto unali utalipweteka. Anandiuza, osandiyang'ana, kuti mphunzitsi wina wa ku Guilleme anabwera ndi njinga yake, n'kuwawerengera liwu la Chingerezi lija ndi kuwamasulira kamuvi. Anapitiriza kutembenuza tayala ndi chala, uku ndi uku, kwa nthawi yaitali ndithu. Ine ndinakhala pa chitini cha penti, chipewa chili m'manja, ndikudikira kukalipiridwa chifukwa cha bodza.

"Munandinamiza, akamwini."

"Eya, apongozi."

"Mwana wathuyu, mkazi wanuyu, nayenso amalakwitsa, ndipo ndi wamakani kuposa ine. Ngati muzikamuphimba pa anthu mmene mwandiphimbira inemu, auzeni ankhoswe anu abwere, mumutenge. Koma mukalowa m'nyumba muzikamuuza zoona. Musamadikire kuti amve kwa aphunzitsi."

Ndinali nditasunga mawu ambiri okongola othokozera, zaka zitatu zonse ndikuwakonza m'basi. Koma ndinangogwada pa dothi la makala lija ndi buluku langa la kutchalitchi, n'kumawomba m'manja, misozi ikutsika, mpaka mkuluyo anandiuza kuti ndidzuke ndiwathandize kutembenuza ngolo.