Imfa Zambiri za Marjorie Dubek

Marjorie Dubek anabadwira ku Toledo, pamwamba pa butchala ya bambo ake, ndipo kuyambira ali mwana ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuliza anthu. Ankalota ataima pa siteji, atalankhula mawu olemera, kenako n'kugwa pansi kufa, holo yonse ili mipango m'maso. Koma Mulungu, amene amagawa mphatso osafunsa mwini wake, anamupatsa maso aakulu ngati a munthu wodzidzimuka, mphuno yoloza kumwamba, ndi mawu onga chitseko chosowa mafuta.

Kusekondale anamupatsa gawo la mfumukazi yomwa poizoni. Nyengo yonse yozizira anaithera pa kapeti ya amayi ake, kuyeserera kufa. Tsiku la sewero anamwa, anagwira pakhosi, anagwa. Holo yonse inafa ndi phwete. Bambo wina mpaka anachita kutulutsidwa panja kuti akapume.

"Wafa bwino kwabasi," anatero mkulu wake Bernadine akubwerera kunyumba. "Chibadwire sindinasekepo chonchi."

"Sichinali choseketsa, achemwali."

"Ndiye ukanawauziratu anthu pakhomo."

Mu 1974 anakwera basi ya ku Los Angeles, kumene ankakhulupirira kuti kuli anthu ozindikira. Anawapezadi. Ankawathirira khofi m'lesitilanti ina ya ku Burbank, kufupi ndi mzindawo, iwo n'kumamuitana kuti "iwe mtsikana". Patapita zaka zingapo anakumana ndi a Milt Grossbard, mkulu wofunira anthu a zisudzo ntchito, amene ofesi yawo inali pamwamba pa shopu yochapa zovala ndipo inkanunkha sopo ndi fodya. Marjorie anawachitira mawu a mayi wofedwa mwana. A Milt anamvetsera atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mwana wanga," anatero akupukuta misozi, "mu sewero muli atsikana amene mnyamata amawakwatira, ndipo muli amene amafa kuti mnyamatayo alire. Kenako pali mayi wa nyumba yoyandikana. Iweyo ndiwe neba."

"Koma ine sindinafike ndi zaka makumi atatu zomwe."

"Neba alibe zaka. Neba amabadwa atavala kale jekete yoluka."

Ndi mmene analowera mu sewero la pa kanema lotchedwa Kwa a Tibbets. Anamuveka wigi ya imvi ndi masilipasi aubweya, n'kumutcha Mayi Pickett. Ntchito yake inali kulowa pa khomo la kukhitchini osagogoda, kutsegula firiji ya eni nyumba, kudya chimene wapeza, ndi kupereka malangizo a banja amene palibe anawapempha. Anagwirizana kuti aoneke kamodzi kokha. Koma anthu amene amakhala pa mabenchi mu situdiyo kuonerera akujambula anaseka mpaka kamera inaima, ndipo sabata yotsatira wigi ija inali ikumudikira.

Mwini sewero anali Dale Rutledge, amene ankasewera ngati bambo Tibbets. Anali wamtali, mano oyera ngati mbale zatsopano, tsitsi losasunthika ngakhale kukunthe mphepo. Chikomekome cha mkuyu. Nthabwala ankainena ngati akuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala, kenako n'kuyang'ana anthu kudikira malipiro ake a chiseko. Sizinamutengere nthawi kuzindikira kuti anthu amaseka kwambiri iye akatseka pakamwa ndipo Marjorie akatsegula firiji.

Anapita kwa olemba sewero. "Mayi uja akulankhula kwambiri. Seweroli ndi la banja, si la neba."

Anamuchotsera mawu. Marjorie ankangolowa, kutenga mwendo wa nkhuku, n'kumatafuna akumuyang'ana Dale pamene iye akulangiza ana ake za kuona mtima. Anthu anaseka kuposa kale.

Dale anabwereranso. "Chotsani chakudya."

Anachotsa. Marjorie anatsegula firiji yopanda kanthu, anasuzumira m'mwamba, anasuzumira m'munsi, kenako anatembenuka pang'onopang'ono kumuyang'ana Dale ndi chisoni chenicheni, chimene anachiyeserera pa kapeti ya amayi ake. Mayi wina pa benchi anagwa chagada. Tsiku limenelo Dale anadzitsekera m'chipinda chake chovalira, ndipo anangotuluka atamulonjeza kuti dzina lake alilemba ndi zilembo zokulirapo.

Sewerolo linakhala zaka zambiri ndithu. Kamodzi dzina la Marjorie linaikidwa pa mndandanda wa opikisanira mphotho. Anagula diresi yobiriwira, anakonza mawu othokoza, anakhala pampando wakumbuyo pafupi ndi khomo lopita kuchimbudzi, n'kuombera m'manja mtsikana wina amene anapambana chifukwa cholira bwino. M'misika anthu ankamugwira dzanja n'kumufunsa ngati wadya kale. Ena ankamubisira ngolo zawo za zogula, akuseka. Dzina loti Marjorie ankalidziwa ndi a positi okha.

Munthu mmodzi yekha sankamuseka: Howard Lindqvist, wokonza magetsi a mu situdiyo, bambo wachete amene ankaonera zonse ali pa makwerero, nkhope ili gwa. Tsiku lina Marjorie anamufunsa chifukwa chake.

"Ine ndimaona mayi amene akuvutika kwambiri ndi wigi yotentha," anatero Howard.

Anakwatirana chaka chomwecho. Ana sanakhale nawo. Anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, mtengo wa mandimu, ndi chete wokoma wa anthu awiri amene sakufunika kuseketsana.

Sewero litatha, Dale anapita kukagulitsa nyumba za m'mbali mwa nyanja, ndipo Marjorie analowa m'gawo lachiwiri la luso lake. Anatsatsa mankhwala a kudzimbidwa. Anatsatsa zomatira mano oikirira. Anakhala agogo a munthu aliyense pa kanema, ngakhale a anthu amene anali aakulu kuposa iye. A Milt ankaimba foni mokondwa: "Mwana wanga, akukufuna! Ukhala mayi amene wakanirira m'bafa."

Howard anamwalira ndi matenda a mtima, m'mawa wina akuthirira mandimu aja. Pa mwambo wa maliro tchalitchi chinadzaza anthu a ku situdiyo. Marjorie anaimirira kuti alankhule, anakonza kukhosi, ndipo kumbuyo wina anayamba kale kuseka mobisa.

"Howard sankakonda anthu ambiri," anatero. "Ambiri a inu ankakuonani ngati opusa."

Chinali chilungamo chokhachokha. Tchalitchi chinagwedezeka ndi kuseka. Ngakhale abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Marjorie anawasiya mawu ena onse amene anakonza, n'kukhala pansi. Anakalirira m'galimoto, Bernadine akuyendetsa. Bernadine, amene anabwera pa ndege kuchokera ku Toledo, sananene nthabwala iliyonse ulendo wonsewo, ndipo patapita miyezi yochepa anagulitsa nyumba yake n'kudzakhala naye.

Ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, imvi zake zenizeni zitaposa za wigi ija, kunabwera mtsikana wina wopanga mafilimu, Priya Venkataraman, wovala magalasi aakulu ndi nsapato za asilikali.

"Mayi Dubek, ine ndinakula ndikukuonerani. Anthu sanakumvetseni. M'maso mwanu muli chisoni cha dziko lonse."

"Muli ng'ala, mwanawe. Koma pitiriza."

Priya ankafuna kuti mu filimu yake Marjorie akhale mayi amene akumwalira m'chipatala, mwana wake wamkazi ali pambali. Marjorie sanagone bwino sabata imeneyo. Tsiku lojambula anagona pa bedi, analankhula mawu ake motsitsa, anagwira tsaya la mwanayo, n'kusiya dzanja ligwe lokha. Mu situdiyo munali zii. Wogwira kamera, chimunthu chandevu, ankafwenthera m'malaya. Palibe anaseka. Marjorie anakhalabe chitsinzinire ngakhale atauzidwa kuti atha, kuti amve bwino chete ameneyo.

Filimu itatuluka, anavala bwino n'kupita ndi Bernadine kukaonera. Anadikira. Chipatala chinaoneka. Mwana uja anaoneka akulira pazenera, akulira pakhomo, akulira pafupi ndi makina ogulitsa zakumwa. Kenako kamera inadutsa pa bedi, n'kuonetsa mapazi awiri ali tu pansi pa bulangete. Basi. Akuluakulu a kampani anati filimu inatalika, ndipo anthu sakonda kuona nkhalamba ikufa nthawi yaitali.

"Mapazi ako asewera bwino," ananong'ona Bernadine. "Makamaka lamanzerelo. Linandikhudza."

Marjorie anafuna kukwiya, koma chimene chinatuluka chinali chikhakhali, mpaka mnyamata wa kutsogolo anatembenuka n'kuwauza kuti alemekeze luso la anthu.

Komabe mbiri imayenda. Wogwira kamera uja anakauza anzake kuti ku Burbank kuli mayi wodziwa kufa, ndipo masewero a apolisi amafuna mitembo sabata iliyonse. Kuyambira pamenepo Marjorie wapezeka atafa m'khitchini, m'munda, kuseri kwa sofa, ndi kamodzi m'buti ya galimoto. Amamutenga pakhomo, amamupaka zotuwitsa nkhope, amagona pamene wauzidwa, masana amadya sangweji ndi apolisi abodzawo. Mwini wake amati ntchito yabwino ngati imeneyi sanaionepo, chifukwa palibe wa nsanje ndi mtembo.

Mwezi watha anagona pansi m'chipinda china, wapolisi wa mu sewero atagwada pambali pake akufotokoza kuti mayiyu wafa kalekale. Pakati pa mawu akewo panamveka kaphokoso. Wotsogolera kujambula anaimitsa zonse, anavula zomvera m'makutu, n'kuyenda mpaka pamene panali mtembo.

"Mayi Dubek," anatero mwaulemu, akumugwedeza phewa. "Pepani kukudzutsani. Mukuliza mkonono."