Mphete yanga pansi pa galimoto

Amati wakufa sanenedwa zoipa. Ine ndimunena, poti ali moyo ndinkamunenanso pamaso.

Mwamuna wanga anali dalaivala wa mmwenye wina wogula thonje ku Golomoti, zaka zija za chitaganya. Anadzakhala kwathu monga mkamwini, koma khasu sankaligwira. Ankati manja ake ndi a chiwongolero. Galimotoyo inali yotsala kunkhondo, yokoka ndi mawilo onse anayi, yoti m'matope a m'dambo inkangodutsa ngati mvuu. Akaweruka ankaiimika pabwalo panga penipeni, pamene ndinkayanika mphale, ndipo m'mawa ndinkapezapo dontho lakuda. Nkhuku zinkapondapo n'kulowa nalo m'nyumba.

Dontholo linkachokera pa bawuti ya kumimba kwa injini, imene amamasula akafuna kukhetsa oyilo wakale. Pakhosi pa bawutiyo pamakhala kamkombero ka mkuwa, eni ake amati washala. Iye mwini ndiye anandiuza kuti kameneka kamafunika katsopano nthawi iliyonse ukamasula, chifukwa kakafinyika kamodzi sikatsekanso bwino. Kudziwa ankadziwa. Koma ankangokatembenuza, kukalavulira malovu, n'kukabwezera pomwepo.

Ukwati wathu tinadalitsa kutchalitchi ku Mua. Mphete yanga inali yamkuwa, yosanyezimira n'komwe, koma masiku amenewo mkazi akafika ku Misa ankayamba kumuyang'ana kuchala asanamuyang'ane kumaso.

Tsiku lina nyengo yogula thonje ndinkazira m'nyumba. Ndinavula mphete kuopa dothi, n'kuikoleka pa kamsomali ka pachitseko. Iye anali chagada pansi pa galimoto, akukhetsera oyilo m'phale langa lokazingira chimanga, osapempha. Ndinamva akutukwana: kawashala kaja kanali kataduka pawiri. Kenaka ndinamva nyundo, ngwe ngwe ngwe, pa chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo zinthu. Sindinalabade. Nditasamba m'manja, pamsomali panalibe kanthu.

"Bambo a mwana, mphete yanga mwaiona?"

"Ili pantchito," anatero, miyendo yokha ikuonekera.

"Ntchito yanji?"

"Inangokwana ndendende pabawutipa, amayi. Ndangoisasantha pang'ono."

"Mwaika ukwati wanga kumatako kwa galimoto ya mmwenye?"

"Nanga thonje likafike bwanji kusiteshoni? Kuchala kwanuko inkatseka chiyani?"

Analiza galimoto n'kupita, kundisiya ndi phale la oyilo.

Lamulungu ndinabisa dzanja m'nsalu, koma maso a amayi a kumpingo sabisidwa kanthu. Apongozi anga, amayi ake a iyeyo, amene ankakhala ku Mtakataka, anandigwira dzanja potuluka, n'kulitembenuza anthu akuona.

"Mphete siigwa yokha, mpongozi," anatero. "Imavulidwa pamphasa ya eni."

Ndinati, "Kafunseni mwana wanu." Iwo anati mwana wawo ndi munthu wa ntchito ya makina, sangasowe chitsulo mpaka kuba cha mkazi. Pofika Lachitatu mudzi wonse unali utandipezera kale chibwenzi, ena ati msodzi, ena ati wa kunjanji.

Ndinaitana ankhoswe: atsibweni anga ndi mkulu wake wa mwamunayo. Iye sanakane. Anafotokoza monyada, ngati wapha njobvu. Mkulu wake anagwada, kusuzumira pansi pa galimoto, n'kudzuka akukutumula mawondo.

"Komatu alamu, sikudontha."

Anaseka onse, ndi atsibweni anga omwe. Chigamulo chinali chakuti akagule washala ulendo wake wa ku Limbe, ndipo tsiku lokhetsanso oyilo andibwezere mphete, wosula akaiwongole, ndikaionetse kwa apongozi anga aja.

Ndinadikira. Thonje linatha, mitengo inayoyoka, fumbi linatikwana. Ku Misa ndinkakhala kumbuyo. Ku Limbe anapitadi ndi bwana wake, n'kubwerako ndi chipewa chatsopano ndi magalasi akuda.

Mvula yoyamba itagwa ndinamuona akutulutsa sipanala. Ndinathamangira atsibweni kuti adzaone ndi maso awo. Ndinaima pambali pa galimoto, dzanja lili chotambasula. Bawuti inamasuka, oyilo anatsika wakuda bii. Anatuluka pansipo atagwira mphete yanga, yopyapyala ngati tsamba, yodetsedwa. Anaipukuta pathalauza, kuiyang'ana kudzuwa, kuitembenuza.

Kenaka anailavulira malovu.

"Ikadali bwino iyi," anatero. "Ipirira ulendo wina."

Analowanso pansi n'kuimangirira pomwepo. Washala wa ku Limbe sanagule. Nthawi imeneyi atsibweni sanaseke. Anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti, "Mwana wa mlongo wanga, mudzi uno ndi wako."

Ndinalowa m'nyumba, kupinda mphasa yake, kuika chipewa chija pamwamba, ndi magalasi omwe, n'kukaponya zonse pampando wa galimoto.

"Mwaiveka mphete, ndiye akazi anu ndi amenewa. Kagoneni kwawo."

Anaseka, ati ndikapsa mtima ndimakongola. Anathira oyilo watsopano n'kupita kuntchito. Pobwera anapeza atsibweni ndi alongo anga atakhala pakhonde, njira ya pabwalo atatchingapo minga. Anaimba hutala mpaka kutopa.

Amayi ake anafa akunenabe kuti mphete ndinaitaya kwa mwamuna wina. Dothi lakuda ndi oyilo lija la pabwalo ndinalipala ndi khasu n'kukalitaya kudzala, phale ndinaliswa. Chala ichi sichinavalenso kanthu, ndipo mwamunayo atamwalira, pamaliro pake sindinapite.