Nyimbo za Aphunzitsi Zinathera mu Kompyuta

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali kalaliki pa kaofesi ka mpingo m'chigwa cha Domasi. Tinali ndi kompyuta imodzi. Masana, magetsi akakhalapo, tinkazula waya wa telefoni n'kuulowetsa ku kompyutayo kuti imelo zifike.

Kufupi ndi Malosa kunkakhala aphunzitsi ena opuma ntchito, amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Kwa zaka zambiri ankapalasa njinga m'midzi, kulemba nyimbo za Chilomwe kuchokera pakamwa pa okalamba. Ambiri mwa oimbawo anali atamwalira. Amayi otayipa a mu ofesi mwathu analowetsa nyimbo zonsezo mu kompyuta. Mapepala a pamanja tinachita nawo monga mwa chizolowezi: tinapatsa amayi ogulitsa zitumbuwa kumsewu kuti azikulungira. Aphunzitsiwo anavomera okha. Anati makina sadyedwa ndi chiswe.

Abusa ena achizungu, amene anakhalapo kuno kale, anali atalonjeza kusindikiza buku la nyimbozo kwawo. Tinawalembera imelo yofunsa njira yotumizira. Pamenepo aphunzitsi anali atayamba kutupa miyendo, ndipo ankafuna kuligwira bukulo m'manja asanapite.

Yankho linafika mofulumira, lili ndi dzina la abusa aja. Linali lalifupi. Linkati uthenga wathu alandira, titsegule zimene amata pansipo.

"Akalaliki, tabwerani muone," anatero amayi otayipa. "Abusa aja alemba opanda moni. Za mvula sanafunse, za aphunzitsi sanafunse."

"Azungu akafulumira amatero," ndinayankha.

"Awa ayi. Awa amafunsa ndi nkhuku zomwe."

Tikuseka choncho, abusa a pa mpingo wathu analowa, n'kumva nkhaniyo.

"Munthu wamkulu watuma uthenga, inu mukuuyang'ana ngati njoka? Tsegulani, mayi."

Panalibe wotsutsa. Kwathu uthenga wa munthu wamkulu saubweza pakhomo, ndipo palibe mwa ife anali atamvapo kuti imelo imatha kubwera pa dzina la munthu iye asakudziwa.

Anatsegula. Panatuluka kabokosi konena kuti chomatidwacho n'choonongeka, basi. Koma kanyali ka kompyuta kanapitiriza kuphethira, m'kati mukumveka phokoso, ngakhale palibe ankaigwira. M'mawa mwake mayina a zolemba zathu onse analipo. Ukatsegula, mulibe kanthu. Anali mankhusu okhaokha.

Tinaitana katswiri wa makompyuta wa ku Zomba. Anabwera pa minibasi ndi disiketi yofufuzira vayirasi. Inafufuza, n'kunena kuti zonse zili bwino. Katswiriyo sanakhulupirire. Anati disiketi yakeyo ndi yakale, imadziwa mavayirasi akale okha. Anabwerera, nadzabweranso sabata inayo ndi yatsopano ya ku Blantyre. Imeneyo inaipeza vayirasiyo. Anatilozera pamene inabisala, kuti inkadzuka nthawi iliyonse tikayatsa kompyuta, n'kumayankha imelo za anthu pa dzina lathu, monga inachitira pa kompyuta ya abusa achizungu aja.

"Vayirasiyo ndachotsa, bambo," anandiuza. "Koma zimene yafufuta sizibwera. Munasunga pena?"

Tinali titasunga pa disiketi imodzi m'kabati. Inali itachita nkhungu ndi chinyezi cha dzinja. Kwa amayi a zitumbuwa tinapezako mapepala ochepa, onyowa ndi mafuta, inki itafalikira.

Ine ndi amayi otayipa tinapita kukawauza aphunzitsi. Tinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, miyendo itawongoledwa. Anamvetsera mpaka tinamaliza. Sanakalipe.

"Mayi, mwabwera ndi cholembera?" anafunsa.

Anayamba kuimba, amayi aja akulemba pabondo. Nyimbo yoyamba anaimaliza. Yachiwiri anaimira pakati. Anabwereza mzere umodzi kangapo, kenaka anayang'ana mkazi wawo.

"Iyi ankaimba gogo uja wa kutsidya kwa mtsinje. Imatha bwanji?"

"Kaya, bambo," anatero mkazi wawo. "Ine Chilomwe ndimangomva."

Tinapitanso kangapo, koma ulendo uliwonse ankakumbukira zochepa kuposa wapitawo. Anamwalira mpunga usanache. Zimene tinalemba pakhondepo sizinakwane buku, ndipo sizinasindikizidwe.