Pepala Loyamba Kutuluka Bwino

Mu 1998 ndinkagwira ntchito pa ofesi ina yaing'ono ku Chipata, ya bungwe lothandiza alimi a thonje ndi mtedza. Tinali ndi makompyuta atatu, onse a mitundu yosiyana, ndi purinta imodzi. Yanga inali yakale, ya galasi lakuda lotulutsa zilembo zokhazokha. Ya abwana inali yopinda ngati buku, mphatso ya azungu amene ankatithandiza, ndipo m'kati mwake zinthu zinkayenda mwanjira yakeyake. Yachitatu inali pa tebulo la amayi otayipa makalata, ndipo purinta inalumikizidwa ku imeneyi. Aliyense akafuna kusindikiza, kalata yake inkadutsa m'waya wokhomedwa m'mbali mwa khoma, n'kulowa m'kompyuta ya amayiwo, kenaka n'kutulukira pambali pa chigongono chawo.

Wolumikiza zonsezi ndinali ine. Anali atanditumiza ku Lusaka kukachita kosi ya masabata awiri, ndipo pobwerera ndinatsika basi mapewa ali m'mwamba. Ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wapakamwa, wosafuna kumva kuti pali chimene sindikudziwa.

Amayi aja anayamba kutayipa pa ofesiyo ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Amuna awo anali atamwalira, ndipo ankalera okha ana anayi ku Kapata. Kompyuta ankaipatsa ulemu ngati mlendo. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo popita kokadya ankaizimitsa n'kuifunditsa chitenje kuti isalowe fumbi, monga ankachitira ndi tayipi yawo yakale. Akazimitsa, tonse tinkasowa posindikizira. Ndinawakalipira, ndipo anasiya kuzimitsa, koma chitenje ankafunditsabe. Ndinayamba kuuza anthu kuti amayi agoneka mwana wawo, tisachite phokoso. Anthu ankaseka, ine n'kumamva kukoma.

Vuto lalikulu linali la abwana. Makalata anga ndi a amayi ankatuluka bwinobwino, koma abwana akatumiza yawo, purinta inkalavula zamisala: timitima, tinkhope toseka, mizere iwiri pamwamba pa pepala, n'kukoka pepala lina, n'kukokanso lina mpaka wina aizimitse. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Mtundu uliwonse wa kompyuta umafuna kapulogalamu kakekake kolankhulira ndi purinta. Koyenera kompyuta ya abwana sindinakapeze, ndiye ndinangosankha pa mndandanda kena ka dzina lofananako, n'kudziuza kuti zikhala momwemo. Kuyesa sindinayese.

Abwana atandifunsa, sindinachedwe kuyankha. Ndinati kompyuta yawo ili bwinobwino, zinthu zikusokonekera pa tebulo la amayi, kaya amadina chiyani. Popeza kalata iliyonse inkadutsadi pamenepo, bodza langa linamveka ngati nzeru za ku Lusaka.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anaona zakuda. Abwana ankawazazira pamaso pa alimi odikira pa benchi, kuwatcha agogo, kuwafunsa ngati akuganiza kuti mapepala amathothoka mumtengo. Kenaka analamula kuti iwo akamasindikiza, amayi aziimirira n'kuika manja kumbuyo. Ankaimiriradi, munthu wamkulu wa imvi, ngati mwana wa sukulu wolangidwa, purinta ikulavulabe timitima take. Pamenepo ndinayenera kuulula. M'malo mwake ndinati ndiye kuti anaononga kale china chake m'kati. Ndinkasintha mawaya, kuzimitsa ndi kuyatsa, kuuzira fumbi, zonse kuti anthu aone kuti katswiri ali pa ntchito. Amayi ankatola mapepala oonongekawo, kuwadula panayi, n'kumalembapo mauthenga a pa foni.

Lolemba lina mu Seputembala, mphepo ikuulutsa fumbi mumsewu, abwana anatumiza kalata katatu m'mawa wokhawokha, ndipo katatu konseko kunatuluka zamisala. Anandiitana n'kutseka chitseko. Anati ali ndi kalata imodzi imene sangapatse munthu wina kuti awatayipire, ndipo iyenera kutuluka tsiku lomwelo. Ikapanda kutuluka, anatero, ayamba kufunsa kuti ku Lusaka ndinkakatani.

Ndinayamba kufwanthula makabati onse kufunafuna bokosi limene purinta inabweramo. Amayi anandifunsa chimene ndikufuna, ndipo ndinawayankha mwamwano kuti ngakhale nditawauza sangachidziwe. Anatsegula dirowa yawo, natulutsa envulopu yakhaki. M'kati munali kabuku ka purinta ndi madisiketi atatu a timapulogalamu tija, omangidwa ndi labala, iliyonse yolembedwa mtundu wa kompyuta yake. Yachiwiri inali ya abwana.

"Ndinasunga tsiku limene makinawa anabwera, kuti zisalowe fumbi," anatero. "Ukanandifunsa, mwananga."

Ntchito yonse sinathe mphindi khumi. Ndinalowetsa disiketi m'kompyuta ya abwana, ndinachotsa kapulogalamu kanga kongopeka kaja n'kuikamo koyenera. Abwana anadina okha, galasi atalitembenuzira kwa iwo kuti ndisaone. Sananyamuke pa mpando. Anali atazolowera timitima, ndipo anangondiuza kuti ndipite ndikaone zinyalala zalero.

Ndinapeza amayi ataima kale, manja kumbuyo. Purinta inalira, n'kukoka pepala limodzi lokha, ndipo linatuluka loyera, mizere yowongoka, ndime zili m'malo mwake. Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope yonse ikuwala. Miyezi iwiri yonse ndinali ndisanawaone akumwetulira. Anatenga pepalalo monga ankatengera kalata iliyonse, kuti aliike mu fayilo ya zokasainitsa, ndipo maso awo anagwera pa dzina lawo.

Ndinawerengera paphewa pawo. Kalatayo inali ya Chingerezi, yaifupi. Inkati ntchito yawo itha kumapeto kwa mwezi, chifukwa alephera kugwiritsa ntchito makina atsopano ndipo akhala akuononga katundu wa ofesi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti timapepala timene anadula m'mawa uja, tili pambali pa foni, tinali kalata yomweyi.

Anawerenga mpaka pansi, chala chikutsata mzere uliwonse. Sanalire. Pepalalo analiika mu fayilo bwinobwino, kuopa kulipinda. Kenaka anayang'ana disiketi imene inali m'manja mwanga.

"Ndiye vuto lonse lija linali kameneka?"

Ofesi inali zii. Chitseko cha abwana chinali chotsegula, ndipo ndikananena mawu amodzi okha akanamva. Ndinaganiza za ntchito yanga, ndi za anthu onse amene ndinawaseketsa ndi nkhani ya chitenje.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Zinali zambiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti adziwa. Mpaka lero ndikakumbukira maso amenewo ndimachita manyazi ofuna kulowa pansi, ndipo ndakalamba kuposa mmene iwo analili tsiku limenelo.

Ananyamula fayilo n'kukagogoda kwa abwana, ngakhale chitseko chinali chotsegula. Ndinamva mpando ukusuntha, kenaka bata, kenaka cholembera chikukanda pepala. Amayi anatuluka, nakhala pa tebulo lawo, n'kupitiriza kutayipa lipoti la alimi a ku Chiparamba limene anali atalisiyira pakati.

Masana abwana anaima pakhomo pa ofesi yanga, amayi akumva. Anati tsopano aona kuti kosi ya ku Lusaka sinapite pachabe, ndipo ndine katswiri weniweni.

Ine ndinati zikomo.