Kabatani kofiira ka pa kiyibodi

Anzanga, takhalani pansi, mafoniwo ikani kaye uko. Lero pafoni panga patulukira nyimbo ya piyano ya mzungu wina wakalekale amene ankathamangitsa zala mpaka azimayi kukomoka.

Ndili ndi zaka seveni, ku Greenbelt, kudziko la azungu, amayi anabwera ndi kiyibodi yomwe anawapatsa agogo ena achizungu amene ankawasamalira. Inkanunkha mankhwala otikitira miyendo. Nditadina kabatani kofiira, nyimbo yomweyo inayamba kulira yokha ngati matalala pamalata. Ine n'kumavinitsa zala pamwamba, kuyesa kuti kuliza piyano n'komweko.

Amayi anatuluka m'khitchini atagwira pakamwa. "Chisomo, ndiwe ukuliza?" Ndinavomera. Anaitana Anti Tembo, aneba athu ochokera ku Lusaka. Iwo akuti, "Iwe, uyu mwana ni wanzelu maningi! Pa Sondo azalizila kwaya."

Lamlungu tinapita nayo kiyibodiyo kutchalitchi. Amayi abusa atayambitsa nyimbo yodekha yamgonero, anandikodola. Ndikanatani? Ndinadina kabatani kaja. Piyano inaliyatsa liwiro ngati yaona njoka, kwaya n'kubalalika, ine n'kuthawira kuchimbudzi, iyo ikulirabe!

Mpingo wonse unaona kuti pampando palibe munthu. Koma amayi anga mpaka lero amati, "Ndi manyazi chabe, luso ali nalo." Panopa alonjeza kale kuti ndikaliza paukwati wa msuweni wanga mwezi wamawa. Ndatopa nazo ine! Komatu munthu ankagwira mashifiti awiri, chonyadira chake chinali chomwechi. Inuyo mukanawauza zoona, kapena mukanayamba kuphunzira piyano pafoni?